Maliro a Njati za Kawale

Wa kabaza amene ananditenga atangoona khamu la anthu lija ananditsitsira patali, n'kutembenuza njinga yake osayang'ananso m'mbuyo. Sindinamudandaule. Anthu ovala zofiira anali atazinga shopu ya mabokosi a maliro ya bambo Lewis, ena atanyamula miyala, wina atanyamula chigubu chomwe sichinali cha madzi akumwa.

Ndine Sajeni Zipora Kamwendo, wofufuza milandu, ndipo mpira sindiukonda. Ndinene poyera: amuna a ndevu zawo kumalira m'mbali mwa bwalo ngati aferedwa chifukwa chikopa chalowa pakati pa mitengo iwiri, ine zimandinyansa. Koma Lamulungu limenelo mpira unachita kundilondola.

Nkhani yake inali iyi. Dzulo lake Njati za Kawale, zovala zofiira, zinagonja kwa adani awo a nthawi zonse, Mphenzi za Biwi, zovala zachikasu. Wakisa, mnyamata womwetsa zigoli wa Njati, anaphonya penate mpira uli pafupi kutha. Mphekesera zinali zitafala kale kuti akupita ku Biwi msika wa osewera usanatseke Lolemba, choncho masapota anangoti wagulitsa gemu. Anathawira m'kalasi momwe timu imavalira, pa sukulu yomwe pali bwalolo, ndipo kuyambira pamenepo palibe anamuonanso. Mayi ake anafika ku polisi m'mawa maso ali psuu.

Kuno timu ikapambana, masapota ake amanyamula bokosi la maliro lopakidwa mtundu wa timu yogonja, n'kuvina nalo mpaka pa malire a Kawale ndi Biwi, komwe amakaliphwanya. A Biwi dzulo anavina ndi bokosi lofiira, n'kudutsa nalo pakhomo penipeni pa kalasi ija. Pofika m'mawa Kawale yense anali atagwirizana kuti Wakisa anabedwa m'bokosi limenelo, ndipo amene anakhoma bokosilo ndi bambo Lewis, sapota yekhayo wa Biwi wokhala pakati pa Kawale.

Pakhonde la shopu panaima bambo wina wa mimba yake, atatambasula manja ngati m'busa.

"Anthu anga, mitima pansi! Boma ili lafika!" Kenako anandiweramira. "Madam, ndine Gilford, tcheyamani wa masapota a Njati. Popanda ineyo bwenzi pano pali phulusa lokhalokha."

Ankanunkha palafini. Ndinaganiza kuti alimbana ndi mnyamata wa chigubu uja, ndipo mumtima ndinawathokoza.

"Mwabwera nokha, madam?"

"Galimoto ikubwera," ndinatero. Linali bodza. Galimoto inali ku Chinsapo ndi anzanga onse, pa ngozi ina.

Ndinalowa, chitseko n'kutsekedwa kumbuyo kwanga. Pomwepo mwala woyamba unagwa padenga.

*

M'katimo munali mdima ndi kutentha kwa Okutobala, malata akuthetheka pamutu. Mabokosi anali atasanjikizana mpaka kudenga, aakulu pansi, a ana pamwamba. Khomo linali limodzi, zenera limodzi laling'ono lazitsulo kumbuyo. Bambo Lewis, munthu wa imvi zake, anakhala pa benchi atafumbata manja pakati pa mawondo.

"Bokosi lofiira munakhoma ndinu?"

"Ndine, mayi. Chaka chilichonse ndimakhoma. La matabwa otsala, lopepuka, mwana akhoza kulinyamula."

"Wakisa analowamo?"

"Akanalowamo, akanavina nalo chonchija?" Anandipatsa foni yawo. Pa kavidiyoko anyamata awiri okha ankaliponya m'mwamba n'kuliwakha, wina akuliimba ngati ng'oma. "Ndawaonetsa anthuwa. Akuti anali atamutsitsa kale m'njira."

"Mpira utatha munali kuti?"

"Ndinachoka usanathe. Chigoli chathu chitangolowa ndinadziwa kuti chipewa changa chachikasu chindiphetsa. Ndinabwera kuno n'kudzitsekera."

"Ndani anakuonani?"

Anayang'ana mabokosi aja. "Awawa, mayi. Koma sayankhula."

Panja anayamba nyimbo, yomweija amaimbira oyimbira mpira akakondera, koma ataikamo dzina la bambo Lewis. Mkuluyo anamvetsera.

"Mawu okwera aja ndi a mayi a Tiwale, oyandikana nawo nyumba. Amuna awo ndinawakhomera ndine bokosi. Anthu awa timasereulana tsiku ndi tsiku. Ine ndimati Njati zasanduka mbuzi, iwo amati Mphenzi ya ku Biwi imangong'anima mvula osagwa. Gilford amabwera pano madzulo aliwonse kudzasewera bawo, kunditukwanira timu yanga akumwa tiyi wanga. Ndimayesa ndi macheza."

Ndinawamvera chisoni, koma chisoni sichitsegula chitseko. Ndinadziwa chinthu chimodzi: Wakisa akapanda kupezeka anthu aja asanatope ndi kuimba, shopu iyi ipsa, mwini wake ali momwemo, ndi ine ndemwe.

Ndinasuzumira pa mng'alu wa chitseko. "A tcheyamani! Amene anali womaliza kumuona Wakisa ndani?"

A Gilford anazengereza pang'ono. "Ndi Esau, wosunga yunifolomu zathu. Koma ameneyo palibe chomwe akudziwa, madam."

"Mulowetseni."

*

Esau anali bambo wowonda, wa maso othawathawa, ndipo anavala jekete lofiira la timu atatseka zipi mpaka pachibwano. Kunja kukutentha choncho! Thukuta linkachita kuyenderera m'masaya.

"Ine bwana, aaa, madam, ine zanga ndi majezi basi. Kuchapa, kuyanika, kupinda. Za transfer ine sindizidziwa olo pang'ono."

"Sindinakufunseni za transfer. Munamusiya kuti?"

"M'kalasi. Anakhala pa desiki, akulira. Osewera anzake onse anali atatuluka, palibe anamupatsa moni. Ine ndinapita kukatola mipira."

"Mutabwerako?"

"Mulibe. Zero."

"A Gilford anali kuti nthawi imeneyo?"

"Biggie? Biggie anali ku geti, amakangana ndi refu. Aliyense anawaona."

"Inu munawaona?"

"Ine... ndinamva mawu awo."

"Mukutola mipira kuseri kwa golo, vuvuzela zikulira, munamva mawu a munthu ali ku geti?"

"Mawu awo ndi aakulu, madam."

"Wakisayo amapitadi ku Biwi?"

Apa Esau anaiwala mantha, usapota n'kumukwera. "Amunyengerera! Akuti amupezera ntchito ku galaja ya bwana wawo. Mwana tinamutola akusewera mpira wa mapepala, tamulera tokha, lero akavale chikasu ngati nthochi yakupsa? Bola asiye mpira kusiyana n'kuti akatimwetse zigoli ifeyo!"

"Vulani jeketelo, mukomoka."

"Ndili ndi malungo," anatero, akugwira zipi ndi manja onse awiri.

Ndinamuuza akhale pakona, asatuluke. Ndisanaganize chofunsa china, ndinamva kugogoda kuseri. Osati pachitseko. Pa kazenera kaja.

*

"Lewis! Ali moyo Lewis? Landirani madzi awa, msafe ndi ludzu anthuwa asanakupheni."

Dzanja la mayi linalowetsa botolo pakati pa zitsulo. Bambo Lewis anati ndi mayi Hafsah, a nyumba ya kuseri kwa shopu, omwe amagulitsa mandasi ndi thobwa pa kanjira ka kumbuyo kwa sukulu. Ndinakwera pa bokosi lina kuti ndione nkhope yawo.

"Mayi, dzulo mpira utatha munali pa malonda anu?"

"Ndipite kuti, mwanangu? Koma malonda ake ati? Kawale ikaluza anthu sadya. Mandasi anga onse ndinabwerera nawo, adya ndi adzukulu."

"Pa kanjira kanuko panadutsa ndani?"

"Palibe. Onse anathamangira kumsewu kukagenda a Biwi ndi bokosi lawo. Kwanga kunangodutsa maliro basi."

"Maliro a mpira?"

"Ayi, enieni! A mpira sindiwadziwa ine? Amaphokosera, amavina, bokosi lili m'mwamba ngati lichero. Awa anali amuna anayi, ali chete, akuyenda mwakachetechete. Pa chitunda paja anaima, kusinthana mapewa, wina mpaka kubuula. Bokosi lopanda kanthu munthu sabuula nalo."

"Nkhope zawo munaziona?"

"Iii, ndiyang'anitsitse anthu onyamula maliro? Sindinaleredwe choncho. Ndinaimirira, kukonza mpango wanga, maso pansi mpaka anadutsa. Ndinangoona miyendo ndi bokosilo. Koma ndinadabwa. Wopanda nyimbo, wopanda amayi m'mbuyo, ndiye ndinati Akhristu anzathuwa ayamba liti kuika munthu m'bokosi lachikasu?"

Ndinatsala pang'ono kugwa pa bokosi ndinapondalo.

"Mwati lamtundu wanji?"

"Lachikasu, ngati pakati pa dzira. Analowera cha kumsika."

Nditatembenuka, bambo Lewis anali ataphimba nkhope ndi manja. Esau ankayang'ana chitseko ngati mbuzi yoona mpeni.

*

"Bambo Lewis, munakhoma mabokosi angati?"

Mwala wina unagwa padenga, fumbi n'kutigwera m'maso.

"Bambo, anthu aja akuthira petulo pakhonde panu. Mukubisira ndani?"

"Awiri," anatero motsitsa. "Lofiira la a Biwi, lachikasu la a Kawale. Aliyense amayembekeza kupambana. Koma bokosi silionetsedwa mpira usanathe, amati limalodza timu, ndiye amadziwa ndi akomiti okha. Ogonja amalisiya mobisa, salitchulanso. Gilford anandipempha ndisauze munthu kuti anagula kwa ine, sapota wa Biwi, anthu ake angamuchotse pampando. Ndinalonjeza. Ndi mnzanga."

"Analitenga liti?"

"Dzulo m'mawa, atalikulunga m'lona. Anachedwa kuitanitsa, ndiye ndinalipaka penti usiku wa Lachisanu. Ndinamuuza kuti penti wa mafuta sauma msanga, asaligunde ndi malaya."

"Penti ameneyo akakhudza khungu amachoka ndi sopo?"

"Ayi, mayi. Pokhapokha palafini."

Ndinayenda mpaka pomwe panali Esau n'kutsitsa zipi ija ndekha. Sanalimbane nane. Kuyambira pakhosi mpaka paphewa la kumanja panali chikasu chowala, chomwe sapota wa Njati sangachikhudze ngakhale atamulipira.

Ndinatsegula chitseko pang'ono. Fungo la petulo linandimenya m'mphuno.

"A tcheyamani, talowani. Mkuluyu akufuna kuulula, koma akuti pamaso panu."

Anthu anakuwa mokondwa. A Gilford anakweza chibakera m'mwamba, n'kulowa akumwetulira. Ndinatseka chitseko n'kuchitsamira.

*

Kumwetulira kunatha ataona khosi la Esau.

"Mwasamba bwino, a tcheyamani," ndinatero. "Palafini wagwira ntchito. Koma kuseri kwa khutu munthu sadziona."

Dzanja lawo linathamangira kukhutu lisanafunse nzeru kwa mwini wake. Kunalidi kachikasu, kakang'ono, m'mphepete mwa tsitsi.

"Madam, tiyeni tikambirane ngati anthu aakulu."

"Ali kuti?"

"Sitinamube ayi, tinamupulumutsa! Anthu akanamupha pa sukulu paja. Ndinamuuza kuti mwana wanga, lowa umu tikutulutse, ndipo analowa yekha. Funsani Esau."

"Mukanamupulumutsa bwenzi ali kwa mayi ake. Ali kuti?"

Anapukuta thukuta. "M'kontena yanga ya simenti, kuseri kwa msika. Mpaka mawa basi, msika wa osewera utseke, a Biwi asamusainitse. Kenako timutulutsa, timupepesa, nkhani yatha. Ndi za timu izi, madam, inu simungazimve."

"Ndiye anthu ali panjawa?"

"Sindinawatume ine! Mphekesera inangobuka pa gulu la WhatsApp. Ndikanati chiyani? Ndabwera kudzawaletsa, simunandione?"

Bambo Lewis anadzuka pa benchi pang'onopang'ono. Sanakalipe, ndipo ine ndikanakonda akanakalipa.

"Gilford, kuyambira m'mawa waima pakhonde panga ukudziwa?"

"Lewis, mnzanga, zikanatha bwinobwino..."

"Chivundikiro chija chinalibe zomangira. Munachigwiritsa ndi chiyani?"

"Tinakhoma misomali ingapo, kuti chisagwe m'njira."

"Munaizula?"

"Anthu amabwera, tinangotseka kontena n'kuthawa. Koma ndinamutuma Esau madzulo omwewo kuti akamutsegulire, amupatse madzi ndi buledi." Anatembenukira kwa Esau. "Si choncho?"

Esau anayamba kulira ngati mwana. "Ndinapita, biggie. Ndinapeza loko. Makiyi simunandipatse. Ndinakuimbirani, foni munazimitsa, anthu anati muli ku bala mukuiwala za chigoli. Ndinayesa mwapitako nokha."

A Gilford analowetsa dzanja m'thumba la buluku. Tonse tinamva kulira kwa makiyi.

Pa ntchito yanga ndaona anthu oipa mtima, ndipo sandiopsa kwenikweni. Amene amandiopsa ndi opusa okhala ndi chikondi. Mnyamata anali atakhomeredwa m'bokosi, m'kati mwa chitsulo, kuyambira dzulo, pa dzuwa la Okutobala, chifukwa anthu ena ankamukonda kwambiri.

"Tulukani mukawauze anthu anu," ndinatero.

"Andipha, madam! Simukuwamva? Andiotcha!"

"Nanga mumati aotche ndani?"

Anagwira mwendo wa benchi, kukana kusuntha. Panja wina anakuwa kuti abweretse machesi. Khomo linali limodzi, ndipo kuseri kwake kunali Kawale yense.

Bambo Lewis anatenga chitsulo chawo chozulira misomali, n'kuvala chipewa chawo chachikasu chija.

"Bambo, chipewacho ndiye ayi," ndinawapempha.

"Akandipha andiphe akundidziwa," anatero. Anandisuntha pachitseko ndi dzanja limodzi, n'kutsegula.

*

Ndinamanga unyolo dzanja la a Gilford ku dzanja langa n'kuwakoka. Kuwala kunatithobwa m'maso. Mwala unamenya bambo Lewis pachipumi, magazi n'kutsika, koma sanaime. Ndinakuwa ndi mawu omwe sindinkadziwa kuti ndili nawo.

"Wakisa ali m'kontena ya tcheyamani wanu uyu! Anamukhomera m'bokosi dzulo! Mukatichedwetsa pano, mwamupha ndinu!"

Ndinapotoza mutu wa a Gilford kuti aone khutu lija. Esau anatuluka m'mbuyo mwathu, phewa lake lachikasu lili poyera, akulira mokweza. Nyimbo inazima. Mnyamata wa machesi anatsitsa dzanja. Kenako wina anakuwa dzina la a Gilford, miyala n'kutembenuka.

"Mukamugenda mugenda ine, ndipo makiyi ali ndi iyeyu! Patukani!"

Sindikudziwa ngati anaopa boma kapena anaopa nkhope ya mkulu wa magazi pachipumi amene ankayenda molunjika pakati pawo osayang'ana munthu. Anapatuka. Tinathamanga kudutsa m'tinjira ta pakati pa nyumba, kulumpha ngalande, khamu lonse lili pambuyo pathu, a Gilford akupuma ngati ng'ombe yokoka ngolo.

Kontena inali pa dzuwa, yopanda ndi mthunzi womwe. Nditakhudza chitseko chake ndinachotsa dzanja msanga. A Gilford ankalephera kulowetsa kiyi, mpaka bambo Lewis anawalanda makiyiwo n'kutsegula okha.

Mpweya wotentha unatuluka ngati wa m'ng'anjo. Bokosi lachikasu linali pakati pa matumba a simenti, chivundikiro chikadali chokhomedwa, koma thabwa la kumiyendo linali litathyoka, ndipo phazi linatulukira pamenepo. Silinkagwedezeka.

Bambo Lewis anagwada. Anazula misomali umodziumodzi, mofatsa, ngati akuopa kudzutsa mwana. Atachotsa chivundikiro anaika khutu pachifuwa cha mnyamatayo, ndipo Kawale yense anasiya kupuma.

"Madzi," anatero. "Ali moyo."

Mayi Hafsah anali atatitsatira ndi botolo lina la madzi. Wakisa anatsegula maso, milomo ili yong'ambikang'ambika, osatha kutulutsa mawu. Pomunyamula m'pamene ndinaona bwino phazi lija. Anali atamenya nalo thabwa usiku wonse kuti apeze mpweya. Phazi la kumanja, lomwe Kawale ndi Biwi ankalimbirana, linali litatupa ngati dzungu, litapindikira kumbali komwe phazi silipindikira. Amuna amene dzulo ankati wagulitsa gemu anamunyamula pamanja kuthamangira naye kumsewu, ena akulira.

Galimoto yathu inafika zonse zitatha, monga mwa masiku onse. Nditakweza a Gilford ndi Esau, ndinabwerera ku shopu kukatenga mawu a bambo Lewis. Ndinapeza amayi akutsuka petulo pakhonde ndi madzi a sopo, amuna akutola miyala yomwe anaponya okha. Mayi a Tiwale anabwera ndi kansalu koti apukutire bala lija.

"A Lewis, pepani. Ndi mpira uwu, mukudziwa kale. Mawa tiziseka."

Bambo Lewis analandira kansaluko mwaulemu, n'kukaika pa benchi osakagwiritsa ntchito. Mnyamata wina anayesa nthabwala, kuti Mphenzi zapambana kawiri sabata imodzi. Palibe anaseka.

Mkuluyo anali akulonga macheka, mapuleni ndi nyundo zake m'thumba la ufa. Bawo lija analisiya pomwe linali.

"Bambo, mlandu watha kumbali yanu," ndinawauza. "Palibenso amene akukhudzeni."

"Ndamva, mayi. Koma ndili ndi pempho limodzi." Anamanga thumba lija n'kuliika paphewa. "Mundiperekeze mpaka pa malire a Biwi. Ndakhala ndi anthu awa zaka zonse za ukulu wanga, ndawakhomera mabokosi a makolo awo ndi a ana awo. Lero ndikuopa kuwapatsa msana."